Sikelo Yotembenuka

Maliro a Jessie analibe nyimbo.

Ndicho chinthu choyamba chimene a Chakufwa anazindikira atangolowa pageti la nyumba ya Elton ku Ga-Rankuwa, kunja kwa mzinda wa Tshwane, Lachiwiri masana. Azimayi anali atakhala pamikeka m'galaja, onse ali duu. Azibambo anali panja pamipando ya pulasitiki, akukamba za mpira monong'ona. A Chakufwa anagwira ntchito yaupolisi zaka makumi awiri ku Kasungu ndi ku Dedza asanabwere ku Joni kudzalondera geti la mafulati ku Arcadia, m'kati mwa mzindawo, ndipo maliro anawaonapo amitundumitundu. Opanda nyimbo ankadziwa tanthauzo lake: munthu wadzipha.

Elton, mlongo wake wa malemuyo, anawakokera kuseri kwa nyumba. Maso ake anali ofiira ndipo anali asanamete ndevu.

"Abambo, apolisi atseka nkhani," anatero. "Akuti anadziponya yekha pamasitepe akuseri kuntchito kwake, kuchokera pa fifth floor. Thupi linyamuka Lachisanu. Abusa kumudzi anena kale kuti mpingo subwera. Kulibe kwaya, kulibe mtanda. Amayi anga ayimbira maliro a ana a anzawo zaka makumi atatu, koma wawo akaikidwa mwakachetechete ngati galu."

"Iwe ukuti sanadziphe?"

"Loweruka m'mawa anandiimbira foni, akuti ndimusungire nkhwani, abwera Lamulungu."

A Chakufwa anakayikira. Anaonapo anthu ambiri odzipha amene analonjeza za mawa, ndipo nkhwani si umboni. Koma Jessie ankamudziwa. Tsiku lililonse popita kuntchito ankadutsa pageti pawo, n'kuwapatsa moni atapinda maondo, mtsikana wamadigiri awiri.

"Ndipatse masiku awiri," anatero.

Akubwerera kumipando anakumana ndi Dokotala Grain Chimbalanga, bwana wake wa Jessie. Uyu ndiye anamupezera ntchitoyo, ndiye ankatsogolera kwaya ya Amalawi ku Tshwane konse, ndipo tenti ndi mipando ya pamalirowo anabweretsa ndi iyeyo. Anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Abambo Chakufwa, it's a tragedy. Mwana uja ndinkamutenga ngati mlongo wanga."

"Akuti analakwitsa kuntchito. Kulakwitsa kwake kotani kofika pakuti munthu ataye moyo?"

Dokotalayo anapumira m'mwamba. "Ife sitipima odwala, abambo. Timatenga malipoti a kafukufuku amene ena anachita kale m'maiko osiyanasiyana, n'kuwaphatikiza kuti tipeze yankho limodzi: mankhwala awa amathandiza kapena ayi, ndipo amathandiza mochuluka bwanji. Awa anali oletsa kutentha kwa mapazi kwa odwala shuga. Ife tinalengeza kuti amathandiza kwambiri. Sabata yatha katswiri wina wakunja anapeza kuti nambala imodzi tinailowetsa chadodolido. Ataikonza, basi, mankhwala aja alibe ntchito. Three years, zapita m'madzi." Anapukusa mutu. "Inenso ndinalakwitsa pomwepo, sindibisa. Koma ine ndine wamkulu, manyazi ndimatha kuwasenza. Jessie ndiye ankalowetsa manambala, ndipo Lolemba amayenera kukaonekera ku komiti. Ndikanadziwa, Loweruka lija sindikanapita kukwaya. Kuyambira two koloko ndinali konkuno, kuyimbitsa anthu, mwana akuvutika yekha."

A Chakufwa anangoti pepani. Ali mu tekisi kubwerera ku tauni, chinthu chimodzi chinawakanirira m'mutu. Munthuyo anali atayankha funso limene iwo sanamufunse.

*

Lachitatu m'mawa ataweruka, sanapite kukagona. Anayenda wapansi mpaka kunyumba yosanja kumene kabungwe ka kafukufukuko kanali ndi maofesi ake. Anayamba kuseri. Masitepe achitsulo ankakwera mokhotakhota, ndipo pansi pake simenti inali itatsukidwa bwino kuposa malo ena onse. Mlonda wapamenepo anawauza kuti anamva chiphokoso cha m'ma hafu pasiti thu, ndipo kuti Loweruka geti la magalimoto limatseguka ndi rimoti, palibe amene amalemba m'buku.

Pamwamba anapeza Refilwe, mayi wa ku Joni konkuno amene ankasunga mafayilo. Anali wamfupi, wolankhula mofulumira, ndipo atangomva dzina la Jessie anatseka chitseko. Ankalankhula Chingerezi.

"Eish, papa, ine andichotse ntchito ngati akufuna. Mtsikana uja sanali wolakwitsa nambala. Khalani apa."

Anatulutsa pepala lokhala ndi mzere woimirira pakati ndi timizere khumi ndi kamodzi topingasa.

"Kamzere kalikonse ndi lipoti limodzi. Kakakhala kumanzere, mankhwala athandiza. Kumanja, ayi. Onani, khumi awa akungozungulira pakati, palibe chimene akunena. Koma ili lomaliza, nambala leveni, lili kutali kumanzere, ndipo ndi lalikulu, odwala pafupifupi chikwi. Lalikulu limakoka anzake onse."

"Ngati thumba la chimanga lomangidwa mbali imodzi ya njinga," anatero a Chakufwa.

"Ehe. Tsono vuto ndi sikelo. M'malipoti khumiwo ankafunsa wodwala kuti, ululu wako ndi wochuluka bwanji, kuyambira ziro mpaka teni. Nambala yaing'ono ndiye yabwino. Koma a lipoti lomalizali ankafunsa kuti, wapeza bwino mochuluka bwanji. Pamenepo nambala yaing'ono ndiye yoipa. Amene anamwa mankhwala anati fili, amene anamwa mapiritsi opanda kanthu anati faifi. Ukapanda kutembenuza, zimaoneka ngati mankhwala achotsa ululu, pamene anthu sanathandizike n'komwe."

A Chakufwa anaganizira za malemu mkazi wawo, amene ankagona mapazi ali m'beseni la madzi chifukwa cha shuga yemweyu. Mtima unawawawa, koma anaubweza ku ntchito.

"Cholakwika chotere palibe wochigwira?"

"N'chifukwa chake pali lamulo la anthu awiri. Aliyense amawerenga malipoti payekha, m'chipinda chake, osaonerana. Amalemba manambala pa fomu yake, n'kusindikiza, n'kusayina tsamba lomaliza. Kenako ine ndimafananitsa. Pamene asiyana, amabwerera ku lipoti kukaona wolondola. Koma ulendo uno Dokotala anati afananitsa okha, ine ndinali ku tchuthi."

Anawapatsa mafomu awiri, ina ya Grain, ina ya Jessie. A Chakufwa anavala magalasi awo othyoka mwendo n'kuyamba kutsata ndi chala, nambala ndi nambala. Sankadziwa tanthauzo lake, koma kufananitsa sikufuna digiri. Panatha theka la ola.

"Sanasiyane paliponse," anatero.

Refilwe anawalanda mapepalawo. Anayang'ana tsamba loyamba, lachiwiri, lachisanu. Nkhope yake inasintha.

"Papa, ndagwira ntchito ino zaka zisanu ndi zinayi. Manambala opitirira mazana awiri, anthu awiri osaonerana, sizinachitikepo kuti afanane onse. Wina amadumpha mzere, wina amatenga nambala ya sabata yolakwika. Ngakhale aprofesa amasiyana malo khumi."

Ku Dedza a Chakufwa akapeza mboni ziwiri zonena mawu ofanana ndendende, ankadziwa kuti zagona nyumba imodzi. Anatenga fomu ya Jessie n'kuiyang'anitsa pakona, pamene panali waya wa sitepula. Masamba onse anali ndi timabowo tiwiri. Tsamba lomaliza lokha, losayinidwalo, linali ndi tinayi.

"Tsamba ili linachotsedwa pa fomu ina," anatero.

Refilwe anagwira pakamwa. "Mivi palibe."

"Mivi yanji?"

"Jessie akasindikiza fomu yake ankajambula kamuvi ndi bolopeni yofiira pambali pa lipoti lililonse. Koloza pansi ngati nambala yaing'ono ndiyo yabwino, koloza m'mwamba ngati ndi yaikulu. Tinkamuseka nazo. Apa palibe ngakhale kamodzi."

"Nanga fomu yake yeniyeni ili kuti?"

"Mapepala otayidwa amapita m'matumba. Jessie Loweruka anabwera kudzafufuza m'matumbamo, ndinamva choncho. Funsani wokolopa, ndi wakwanu. Apolisi sanamufunse. Ndani amafunsa wokolopa?"

*

Hadijah ankakolopa maofesi m'mawa, masana n'kumagulitsa mtedza wokazinga pa renki ya matekisi m'tauni. A Chakufwa anamupeza atakhala pa kireti pakati pa wogulitsa masokosi ndi wowotcha chimanga, mpango wakuda uli kumutu. Mtedza wake ankaukulunga m'mapepala opindidwa ngati nyanga. Atamva Chichewa anamwetulira. Atamva dzina la Jessie anayamba kulongedza.

"Ine sindikudziwa kanthu, baba. Ine wa ku Mangochi, ndinabwera kudzasaka ya sopo basi. Pasipoti yanga inatha kalekale. Mukufuna apolisi anditengere ku Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo?"

"Ine si wapolisi, mayi. Ndinali, kale, kumudzi. Mtsikana uja akukaikidwa opanda pemphero."

Hadijah anasiya kulongedza. Anayang'ana kumatekisi.

"Ankandipatsa moni wa dzina," anatero motsitsa. "Ena onse aja amangokweza mapazi kuti ndikolope."

"Loweruka munamuona?"

"Anandipeza cha m'ma thwelofu. Anakhuthula matumba onse pansi, thukuta kamukamu. Akuti, Amayi, munaonapo mapepala okhala ndi timivi tofiira? Ine ndinachita mantha, chifukwa mapepala ena ndimatenga ine, okulungira mtedzawa. Ndinaulula. Ndinati alipo kunyumba, katoni yathunthu, a timivi ndinawaonamo. Wallahi, anandikumbatira! Akuti musakulungire, Lolemba m'mamawa mubwere nawo."

"Kenako?"

"Kenako anaimba foni, pakhonde paja, ine ndikutsuka mopu. Ankalankhula Chichewa."

A Chakufwa anasendera pafupi. "Anati chiyani? Mawu ake enieni."

"Anati, Achimwene, fomu yanga ija ilipo, sinatayike. Sindikufuna mukamvere pagulu Lolemba, inu ndi aakulu. Bwerani tikambirane awiri, muone mmene mungakanenere nokha." Hadijah anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Ine ndinachoka wani koloko, Loweruka kuno kumakhala anthu. Ndinamusiya akudikira."

"Muofesimo Amalawi alimo angati?"

"Iye, ine, ndi adokotala aja."

A Chakufwa anatseka maso. Mwana wopusa, mwana woleredwa bwino. Wina aliyense wa kuno akanathamangira ku komiti, pepala m'manja, n'kukamuvula munthuyo pagulu. Koma Jessie anaphunzitsidwa kuti wamkulu sumuyalutsa pa anthu, umayamba wamuitanira pambali. Anamuitaniradi pambali, pa nsanjika yachisanu, tsiku limene munalibe anthu.

"Mapepala aja ali kuti?"

Hadijah anayang'ana pansi. "Nditamva kuti wamwalira ndinati ndiwathe msanga, asandipeze nawo. Ambiri apita kale ndi makasitomala."

Otsala anali m'beseni, atakulungidwa kale, mtedza uli m'kati. A Chakufwa anagwada pansi pakati pa renki, bambo wa imvi, n'kuyamba kumasula limodzilimodzi, mtedza akukhuthulira m'chitenje cha Hadijah. Anthu odutsa ankawaseka. Loyamba linali la mndandanda wa tchuthi. Lachiwiri kalata ya msonkhano. Lachisanu ndi chitatu linali ndi kamuvi kofiira koloza pansi, lipoti nambala folo. Anapitiriza. M'beseni munatsala atatu pamene anamasula pepala lonona mafuta, lothimbirira ndi mchere.

Lipoti nambala leveni. Pambali pake kamuvi kofiira koloza m'mwamba, kozunguliridwa kawiri. Pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, panali tsiku la chaka chatha ndi mawu akuti: Achimwene, sikelo iyi ndi yotembenuka. Tikaitembenuza mankhwala sakuthandiza. Pepani.

"Mayi," anatero a Chakufwa, "pepalali likunena kuti Jessie sanalakwitse. Koma za foni ija, pepala silinganene."

Hadijah anakokera beseni lake pafupi. Anayamba kukulunganso mtedza wake.

*

Lachinayi m'mawa a Chakufwa anakaonana ndi sajeni amene anatseka nkhaniyo. Anali mnyamata wotopa, wa mafayilo ofika m'khosi, ndipo anawamvetsera chifukwa cha imvi zokha. Atafika pa timabowo ta sitepula anasiya kusewera ndi foni. Anati afufuza nambala imene malemuyo anaimba komaliza, koma popanda munthu amene anamva zokambidwazo, bwana kuimbiridwa foni ndi wantchito wake si mlandu. Anavomera kubwera ku Ga-Rankuwa folo koloko.

Kumaliro a Chakufwa analowera kukhitchini. Lonely, mkazi wa Elton, ankadula kabichi. Anali wa soprano m'kwaya ija, mayi wosadziwa kunong'ona.

"Loweruka kwaya inayamba nthawi yanji?"

"Thu koloko, abambo, monga mwa masiku onse."

"Adokotala analipo?"

"Analipo, ee." Mpeni unaima. "Kungoti anachedwa. Tinayamba tokha, tinabwereza nyimbo imodzi mpaka kutopa nayo. Anafika cha m'ma folo, akuti ma robot a pamsewu wa ku Rosslyn anafa. Ndipo tsiku limenelo anayimbitsa atavala jekete, kutentha konse kuja, munthu amene amapinda malaya mpaka m'zigongono. Ine mpaka ndinawaseka, ndinati adokotala mwadwala malungo a ku Joni?" Anawayang'ana a Chakufwa, ndipo kuseka kunathera pakamwa. "Mukufunsiranji?"

Panja anthu anali atachuluka, chifukwa linali tsiku lotsanzikana. Dokotala Grain anaimirira kutsogolo kwa tenti, Baibulo m'manja, akulankhula mofatsa.

"Abale, tisamuweruze mwanayu. Kulakwitsa ndi kwa munthu. Ine ndalemba kalata yopita kwa abusa kumudzi, kuwapempha kuti ngakhale mwambo sulola, amukumbukire m'mitima mwawo."

"Adokotala," anatero a Chakufwa ali kumbuyo. "Pepani kukudulani. Pali kalata ina, yolembera inu. Yachedwa panjira."

Anadutsa pakati pa mipando n'kumupatsa fotokope ya pepala lija. Lenileni linali m'thumba la sajeni, amene anali ataima pageti. Grain anayang'ana pepalalo nthawi yaitali kuposa imene mawu ochepawo amafuna.

"Izi ndi za kuntchito, abambo. Simungazimvetse."

"N'zoona, ine sukulu ndinalekeza Fomu Thu. Ndiye mundithandize. Anthu awiri osaonerana angafanane manambala mazana awiri?"

"Zimatheka."

"Tsamba limodzi lingakhale ndi mabowo anayi, anzake awiriawiri?"

Grain anapinda pepalalo pawiri. A Chakufwa anapitiriza.

"Mwanayu anakuuzani chaka chatha kuti sikelo ndi yotembenuka. Munaona kuti zaka zitatu zithera m'mawu akuti mankhwala alibe ntchito, ndipo mawu otere sapatsa munthu uprofesa. Munataya fomu yake, n'kusindikiza yanu kawiri. Zitaululika munamusenzetsa iye. Loweruka anakuitanani."

"Ndinali kukwaya!"

"Munafika folo," anatero Lonely ali pakhomo la khitchini, mpeni udakali m'manja. Mawu ake anamveka mpaka kumsewu.

"Foni anandiimbiradi," anatero Grain, akuyang'ana kwa sajeni tsopano. "Ankalira, ankati watopa ndi moyo. Ndinamulimbikitsa. Palibe amene anganene zosiyana ndi zimenezo."

A Chakufwa anadziwa kuti pamenepo Grain wawapeza. Pepala linkayeretsa ntchito ya Jessie, koma silinkasonyeza kuti pamasitepe paja sanali yekha. Anayang'ana Elton, n'kuchita manyazi ndi masiku awiri amene anapempha.

"Sankalira."

Mawuwo anachokera pageti. Hadijah anali ataima pafupi ndi sajeni, pafupi kwambiri moti mapewa awo ankakhudzana. Anali atavala mpango woyera, ndipo m'manja ananyamula kachikwama ka zovala, ngati munthu amene sakuyembekeza kubwerera kwawo tsiku limenelo.

"Sankalira, ankaseka. Ananena kuti, Achimwene, inu ndi aakulu, bwerani tikambirane awiri. Ndinamva ndi makutu angawa. Ndilembeni, bwana. Dzina langa ndine Hadijah Bilali, mapepala ndilibe."

Sajeni anamuyang'ana mayiyo, n'kuyang'ana kachikwamako. Kenako anayenda mpaka kutsogolo kwa tenti ndi kumuuza Grain m'Chingerezi kuti avule jekete. Grain anakana. Sajeni atamuvula, pamkono wamanja, kuyambira pachigongono kutsika, panali mikwingwirima inayi ya zikhadabo, itayamba kuuma.

Palibe amene anakuwa. Azibambo awiri anamugwira Elton, koma sanalimbane nawo. Anangoyang'ana munthu amene anabweretsa tenti akutsogozedwa kupita kugalimoto, Baibulo litatsala pampando. Hadijah anakwera kutsogolo, kachikwama kake pamiyendo. A Chakufwa anafuna kumuuza kanthu, koma galimoto inanyamuka mawu asanabwere, ndipo sankadziwa ngati adzamuonanso pa renki paja.

Elton anatulutsa foni. Analakwitsa nambala kawiri.

"Amayi," anatero. "Amayi, ndine. Pitani kwa abusa. Muwauze kuti Jessie sanadziphe." Anamvetsera, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ayi, amayi. Sanalakwitsenso."

M'galaja azimayi anamva zonsezo. Kenako Lonely anaika mpeni pawindo, anapukuta manja pachitenje, n'kukakhala pamkeka pakati pa azimayi anzake. Anayamba nyimbo yekha, popanda woyimbitsa. Pofika mzere wachiwiri onse anali atalandira.